Mkonzi Akachoka, Kodi Seŵero Limakhalabe Lomwelo?

Mawu Oyamba

Maseŵero alipo a mitundu iŵiri. Alipo ena amene amatha tsiku lomwelo: anthu amasonkhana m'holo, naonera kwa maola aŵiri, naomba m'manja, kenaka n'kubalalika. Alipo enanso amene satha msanga, ndiwo aja a pa wailesi ndi a pa wailesi yakanema amene amabwera gawo ndi gawo, mlungu ndi mlungu, kufikira mwana amene anabadwa seŵero likuyamba afika pomanga banja seŵerolo likadalipo. Seŵero la mtundu wachiŵiriwu limatha kukhalitsa kuposa mphamvu za munthu amene analiyambitsa. Munthuyo amatopa, kapena amasemphana maganizo ndi eni ndalama, kapena amaitanidwa ku ntchito ina, kapenanso amamwalira. Zikatero wina amaloŵa m'malo mwake. Dzina la seŵero silisintha, nthaŵi youlutsira sisintha, koma posakhalitsa oonera amayamba kunong'onezana kuti seŵero lija si lija ayi.

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza chimene chimachitikira seŵero lokhalitsa pamene mtsogoleri wake wasintha, ndi chifukwa chake maseŵero ena amapulumuka pa kusintha kotere pamene ena amafota. Funsoli si la anthu osoŵa chochita. M'dziko lathu la Malaŵi maseŵero akhala sukulu ya anthu ambiri amene sanapite patali ndi maphunziro. Za matenda a Edzi, za kulanda chuma cha amasiye, za ziphuphu ndi za nkhanza za m'banja, ambiri anazimva momveka bwino kuchokera pakamwa pa azisudzo. Tsono ngati maseŵero athu amafa pamodzi ndi eni ake, ndiye kuti sukulu imeneyi imatsekedwa nthaŵi iliyonse mphunzitsi wamkulu akachoka.

1. Kodi Mkonzi Wamkulu Ndani?

Ku America, kumene ntchito ya maseŵero a pa kanema inakula kwambiri, munthu amene tikunenayu amamutcha showrunner, ndiye kuti woyendetsa seŵero lonse. Ife m'nkhani ino timutcha mkonzi wamkulu. Tisamusokoneze ndi wojambula, kapena ndi mlangizi uja amene amauza oseŵera poima ndi poyang'ana pa tsiku lojambula. Mu filimu yongotha kamodzi mlangiziyo ndiye mfumu. Koma mu seŵero la magawo ambiri alangizi otere amasinthana, wina gawo ili, wina gawo linalo, pamene mkonzi wamkulu amakhala pomwepo chaka chathunthu.

Ntchito zake zazikulu zilipo zinayi. Choyamba, iye ndiye mkulu wa alembi: amalamula kumene nkhani ikupita m'chaka chonse, amagaŵira alembi magawo oti alembe, ndipo zolemba zikabwera amazikonzanso kuti zimveke ngati zatuluka m'kamwa limodzi. Chachiŵiri, iye ndiye amasankha oseŵera, ndiponso amaweruza kuti mpangankhani uti akwatire, uti adwale, uti amwalire. Chachitatu, iye ndiye amayankha kwa eni wailesi ndi eni ndalama. Chachinayi, gawo lililonse lisanaulutsidwe, mawu otsiriza amakhala ake. Motero munthu mmodziyu ndi mmisiri komanso kapitao.

Kuno kwathu mtolo umenewu umalemera koposa. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, koma wailesi yakanema ya dziko lino, Television Malawi, inadzatsegulidwa mu 1999. Chifukwa chake luso lathu la maseŵero linakulira pa wailesi ndi pa nsanja, ndipo chifukwa cha kuchepa kwa ndalama munthu mmodzi yemweyo kaŵirikaŵiri amakhala mlembi, mlangizi, woseŵera wamkulu ndi msungichuma. Munthu wotere akachoka sipachoka njerwa imodzi yokha, pamachoka mzati.

2. Funso Lakale la Anzeru

Funso lakuti chinthu chimakhalabe chomwecho pamene ziŵalo zake zasintha silinayambe ndi kanema. Mlembi wachigiriki Plutarch anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga kwa zaka zambirimbiri ngalaŵa ya ngwazi yawo Theseus. Thabwa likaola ankalichotsa naikapo latsopano, mpaka anzeru anayamba kutsutsana: ena ankati ngalaŵayo ndi yomweyo, ena ankati ndi ina. Ife a kuno ku Karonga sitifunika kupita ku Athens kuti timve mtsutsowu. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, nibwera m'zidutswa, niyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, yakhala ikukocheza pa Chilumba kwa zaka zochuluka. Yakonzedwa nthaŵi zambiri, zitsulo zina zachotsedwa, oyendetsa ake asinthana mibadwo ingapo. Komabe palibe msodzi wa ku Chilumba amene anayamba waitcha sitima ina.

Aristotle anatipatsa njira yomasulira mfundo imeneyi. Iye anaphunzitsa kuti pofuna kumvetsa chinthu chilichonse tiyenera kufunsa mafunso anayi: chinapangidwa ndi chiyani, chili ndi kapangidwe kotani, anachipanga ndani, ndipo anachipangira chiyani. Tikafunsa chomwecho za sitima, tiona kuti zopangira zikhoza kusintha pang'onopang'ono, ndipo wopanga akhoza kumwalira, koma malinga kapangidwe ndi cholinga zilipobe, sitimayo ndi yomweyo.

Nanga bwanji osanena chimodzimodzi za seŵero? Zopangira zake ndi oseŵera, malo ndi zida zojambulira. Kapangidwe kake ndi makhalidwe a ampangankhani, malamulo a dziko lawo ndi kamvekedwe ka nkhani. Wopanga ndi mkonzi wamkulu. Cholinga ndicho kusangalatsa, kuphunzitsa kapena kudzudzula. Pongoyang'ana, kusintha kwa mkonzi kuyenera kukhala kopepuka monga imfa ya amisiri amene anakhoma Ilala.

Koma apa pali kusiyana kumene kuli pakati penipeni pa nkhani yathu. Sitima imapangidwa kamodzi n'kutha. Mmisiri akachoka, kapangidwe kamatsala m'zitsulo. Seŵero lokhalitsa silinathe kupangidwa. Mlungu uliwonse likupangidwabe, ndipo kapangidwe ka gawo la maŵa sikali m'chitsulo chilichonse, kali m'mutu mwa mkonzi. Pa chifukwa chimenechi seŵero lotere limafanana kwambiri ndi gule kusiyana ndi sitima. Amene anaonerapo mapenenga akudziŵa kuti woimba ng'oma akasintha gule ali m'kati, ovina amazindikira nthaŵi yomweyo, ngakhale nyimbo ili yomweyo ndi ng'oma ili yomweyo. Mkonzi wamkulu ndiye woimba ng'omayo.

3. Zinthu Zisanu Zimene Zimagwedezeka

Tiyeni tione bwino zimene zimagwedezeka pamene mkonzi wasintha.

Choyamba ndi chikumbukiro. Seŵero la zaka khumi lili ndi mbiri yakeyake: uyu anabadwira kwakuti, uyu anakongola ndalama kwa uje, aŵa anayambana pa maliro. Oonera saiŵala zinthu zotere. Mkonzi watsopano akaziiŵala, kapena akazinyalanyaza, oonera amamva ngati anamizidwa. Nchifukwa chake m'maiko ena amasunga buku lalikulu la seŵero, m'mene mumalembedwa mbiri ya mpangankhani aliyense ndi malamulo a nkhani yonse.

Chachiŵiri ndi liwu. Mlembi aliyense ali ndi kayankhulidwe kake: wina amakonda nthabwala zobaya, wina miyambi, wina kukambirana kwachangu, wina kukhala chete kumene kumanena zambiri. Mbiri ikhoza kulembedwa m'buku, koma liwu silisungika chomwecho. Ndi pamenepa pamene oonera amayamba kumva kusintha, ngakhale asanathe kutchula chimene chasintha.

Chachitatu ndi ampangankhani. Mkonzi aliyense amakhala ndi ana ake a pamtima. Amene anali pakati pa nkhani amakankhidwira kumbali, ndipo amene ankangodutsa amapatsidwa mpando. Choopsa chachikulu ndi ichi: mkonzi watsopano, pokhala anamudziŵa mpangankhani monga woonera chabe, amatenga khalidwe limodzi looneka kwambiri nalikulitsa, mpaka munthu amene anali ndi mbali zambiri asanduka chidole cha khalidwe limodzi. Amene anali wochenjera koma wachisoni asanduka wochenjera basi; amene anali woseketsa koma wanzeru asanduka chitsiru.

Chachinayi ndi gulu la antchito. Alembi ndi oseŵera ambiri anabwera chifukwa chokhulupirira munthu wakutiyo. Iye akachoka, ena amamutsatira, ena amatsala koma ndi mitima iŵiri. Motero kusintha kwa munthu mmodzi kumakoka kusintha kwa anthu khumi.

Chachisanu ndi pangano la seŵero ndi oonera ake. Panganoli silinalembedwe paliponse, koma lilipo. Woonera amapereka madzulo ake mlungu uliwonse, ndipo seŵero limalonjeza kuti zimene linayamba lidzazimaliza mwachilungamo, kuti zochita za ampangankhani zidzakhala ndi zotsatira zake. Mkonzi watsopano amalandira ngongole imeneyi ngakhale sanakongole ndiye.

4. Kusiyirana Kokonzekera

Kusintha kwa mkonzi kumabwera m'njira zitatu, ndipo zotsatira zake zimadalira kwambiri njirayo. Yoyamba ndiyo kusiyirana kokonzekera. Chitsanzo chodziŵika ndi seŵero la BBC lotchedwa Doctor Who, limene linayamba mu 1963. Mu 1966 woseŵera wamkulu, William Hartnell, anafooka m'thupi. Akonzi, m'malo motseka seŵero, analuka m'nkhani momwemo lamulo lakuti mpangankhaniyo akafika pafupi ndi imfa amasandulika thupi latsopano ndi khalidwe latsopano, koma nakhalabe munthu yemweyo. Patrick Troughton analoŵa m'malo, ndipo kuyambira pamenepo kusintha kunakhala chimodzi cha malamulo a seŵerolo.

Seŵeroli linaimitsidwa mu 1989, ndipo Russell T Davies analiukitsa mu 2005. Davies atafuna kuchoka, woloŵa m'malo mwake, Steven Moffat, analengezedwa mu 2008, koma magawo ake monga mkonzi wamkulu anayamba kuoneka mu 2010. Moffat sanali mlendo: anali atalemba kale magawo angapo pansi pa Davies. Iye anabwera ndi woseŵera wamkulu watsopano, Matt Smith, ndi kalukidwe kena ka nkhani. Davies ankakonda kumangira nkhani pa mabanja wamba ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Moffat ankakonda nkhani zopotana, zokhala ngati ndagi zimene yankho lake limabwera patapita miyezi. Ena anakondwa, ena anadandaula, koma seŵero linapitirira. Chris Chibnall analandira udindo mu 2018, pamene Jodie Whittaker anakhala mayi woyamba kutenga mbali yaikuluyo, ndipo Davies anabwereranso mu 2023.

Ngakhale seŵero lozoloŵera kusinthali linaonetsa kuti pali malire. Mu 2020 Chibnall analemba gawo limene linasintha chiyambi chenicheni cha mpangankhani wamkulu, ndipo oonera anagaŵikana koopsa. Phunziro lake ndi lakuti oonera amalola mkonzi watsopano kutsogolera nkhani kumene afuna, koma savomera msanga kuti akonzenso za m'mbuyo zimene iwo anazisunga mumtima kwa zaka zambiri.

5. Kuchoka Mwadzidzidzi

Njira yachiŵiri ndiyo kuchoka mwadzidzidzi, kaya mwa kusemphana kaya mwa kuchotsedwa. Seŵero la ku America lotchedwa The West Wing, losimba za antchito a m'nyumba ya mtsogoleri wa dziko, linayamba mu 1999. Aaron Sorkin, amene analiyambitsa, analemba yekha pafupifupi magawo onse a zaka zinayi zoyamba. Mu 2003 anachoka, nasiya nkhani ili pakati: mwana wamkazi wa mtsogoleri wabedwa, ndipo mtsogoleriyo watula pansi udindo kwa kanthaŵi. John Wells, amene analoŵa m'malo, anayenera kumasula mfundo imene sanamange ndiye. Chaka chotsatira oonera ambiri anadandaula kuti ampangankhani akukangana m'njira yosakhala yawo ndi kuti kuyankhula kwachangu kuja kwazilala. Seŵerolo linadzapezanso mphamvu pamene Wells ndi alembi ake analeka kupikisana ndi liwu la Sorkin, natembenuzira nkhani ku mpikisano wa chisankho cha mtsogoleri watsopano, mpaka linatha mu 2006.

Seŵero lina loseketsa, Community, likutiphunzitsa mbali inayo. Dan Harmon, amene analiyambitsa mu 2009, anachotsedwa mu 2012. Akonzi aŵiri amene analoŵa m'malo anayesetsa kuchita zonse monga ankachitira iye, koma oonera ambiri anaona kuti maonekedwe alipo, moyo mulibe. Harmon anabwezedwa pa ntchito mu 2013. Zitsanzo ziŵirizi zikugwirizana pa mfundo imodzi: woloŵa m'malo amene angotsanzira amalephera msanga kuposa amene alimba mtima kuyankhula ndi liwu lake, malinga asunge makhalidwe a ampangankhani ndi cholinga cha seŵero.

6. Chakudza Sichiimba Ng'oma

Njira yachitatu ndiyo imfa, ndipo chitsanzo chake chili pakhomo pathu pomwe. Du Chisiza Jr, mwana wa Dunduzu Chisiza wa kuno ku Karonga, anabadwa mu 1963, atate ake atamwalira kale pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu 1962. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, limene linaonetsa kuti Mmalaŵi akhoza kukhalira zisudzo monga ntchito yeniyeni. Wakhumbata silinali seŵero la pa kanema, koma linali ndi zonse zimene tafotokoza pamwambapa: dzina limodzi, oonera okhulupirika amene ankadikira seŵero lotsatira, ndi munthu mmodzi amene anali mlembi, mlangizi, woseŵera wamkulu ndi mwini gulu. M'masiku a chipani chimodzi, pamene mawu ankayesedwa pa sikelo asanatuluke, maseŵero ake, monga Papa's Empire, ankanena zobisika m'njira imene oonera ankaimva.

Du Chisiza anamwalira mu February 1999 asanakwanitse zaka 36. Utsogoleri wa gulu unagwera Gertrude Kamkwatira, woseŵera waluso amene anakulira m'gulu momwemo. Pa mbali ya luso, ameneyu anali woloŵa m'malo woyenera, pakuti anaphunzira ntchito pa mapazi a mwini wake ndipo naye anali mlembi. Komabe patapita nthaŵi anachoka, nakayambitsa gulu lake la Wanna-Do Ensemble Theatre, limene analitsogolera mpaka imfa yake mu 2006. Dzina la Wakhumbata silinafe, koma silinabwererenso pa msinkhu uja linali nawo mwini wake ali moyo. Ndipo Wanna-Do nayo inakumana ndi funso lomwelo mwini wake atapita.

Apa tikuona chinthu chimene Aristotle akanachizindikira. Imfa itabwera, dzina linatsala kwina, ndipo gawo lalikulu la luso linapita kwina. Oonera anayenera kusankha chotsatira: dzina kapena liwu. Umu ndi m'mene zimakhalira pamene kapangidwe ka ntchito kasungidwa m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo palibe dongosolo limene linakonzedweratu lomangira dzina, luso ndi chuma pamodzi.

Gulu la Kwathu, lochita zisudzo m'Chicheŵa, linayesedwa mofananamo. John Nyanga, wodziŵika kuti Izeki, anamwalira mu 2016, ndipo mnzake Eric Mabedi, wodziŵika kuti Jakobo, anamwalira mu 2021. Anzawo otsala anapitiriza gululo, ndipo chimene chinawathandiza n'chakuti kwa zaka zambiri linali gulu la anthu angapo aluso oseŵerera pamodzi. Koma aŵiri aja, Izeki ndi Jakobo, palibe amene akanawaloŵa m'malo, chifukwa ampangankhaniwo ndi oseŵerawo anali atasanduka chinthu chimodzi.

7. Mkonzi Akatsala, Oseŵera Nachoka

Kuti tiyese ngati maganizo athu ali oona, tiyeni titembenuze funso. Nanga zimatha bwanji mkonzi akatsala koma oseŵera n'kuchoka? Zimenezi zinachitikadi ku South Africa, mu seŵero la Generations la pa SABC, limene Amalaŵi ambiri analikonda. Mfundi Vundla analiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu August 2014 oseŵera akuluakulu 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pa nkhani ya malipiro ndi mapangano a ntchito. Seŵero linaima kwa kanthaŵi, ndipo mu December chaka chomwecho linabwerera ndi dzina lakuti Generations: The Legacy, nkhani yake italumpha zaka 20, ndi nkhope zambiri zatsopano. Oonera anadandaula poyamba, koma seŵerolo linapitirira kwa zaka zambiri pambuyo pake.

Sitikuweruza pano ngati oseŵerawo anachitiridwa chilungamo. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndi yolemera. Chimene tikuona n'chakuti pafupifupi matabwa onse a ngalaŵa anasinthidwa tsiku limodzi, koma ngalaŵa inayendabe, chifukwa amene ankadziŵa kapangidwe kake anali pomwepo. Izi zikutsimikiza kuti moyo wa seŵero lokhalitsa umakhala kwambiri mwa amene amaluka nkhani kuposa mwa nkhope zimene timaziona.

8. Munthu Kapena Bungwe

Maseŵero aŵiri a kuno kwathu akutionetsa njira ziŵiri zomangira seŵero lokhalitsa. Tikuferanji, limene linakonzedwa ndi bungwe la ADRA Malawi nkumaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, linadziŵika makamaka chifukwa cha Michael Usi, amene ankatenga mbali ya Manganya komanso ankatsogolera ntchitoyo. Mphamvu ya njira imeneyi ndi yoonekeratu: liwu limakhala limodzi, lakuthwa, losasokonekera. Koma seŵero lotere limayenda ndi moyo wa mwini wake kulikonse kumene upita. Usi analoŵa ndale, nakhala nduna ya boma mu 2020, ndiponso wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu June 2024 mpaka mu 2025. Du Chisiza naye anasankhidwa kukhala nduna mu 1993. Apa pakubuka mtundu wina wa kusintha: mkonzi sanachoke, koma malo ake pakati pa anthu asintha, ndipo woonera sangathe kumva mawu a pa nsanja monga ankawamvera kale, pakuti tsopano akudziŵa mpando umene woyankhulayo wakhalapo.

Zimachitika, seŵero la pa wailesi limene bungwe la Story Workshop linayambitsa mu 1997, linatsata njira ina. Mwini wake ndi bungwe, ndipo alembi ndi oseŵera akhoza kusinthana nkhani ikupitirira. Njira imeneyi imateteza seŵero ku imfa ya munthu mmodzi. Koma nayo ili ndi choopsa chake, chimene chimagwera seŵero lililonse lodalira thandizo la mabungwe: amene wapereka ndalama amabwera ndi mutu umene akufuna kuti ukambidwe, ndipo mutuwo ukasintha nkhani imayenera kukhota. Pamenepo wopereka ndalama akhoza kusanduka mkonzi wamkulu wosaoneka, ndipo pamafunika mkonzi weniweni wolimba mtima kuti ampangankhani asasanduke zikwangwani zonyamula uthenga.

9. Tingazindikire Bwanji Kupitiriza Koona?

Kuchokera pa zonsezi tikhoza kutola zizindikiro zitatu zosiyanitsira kukula ndi kuonongeka.

Chizindikiro choyamba: ampangankhani akusintha chifukwa cha zimene akumana nazo m'nkhani, osati chifukwa chakuti mlembi wasintha. Munthu woumira akhoza kusanduka wopatsa, koma tiyenera kuona chimene chamutembenuza.

Chizindikiro chachiŵiri: zatsopano zikuunikira zakale m'malo mozifafaniza. Gawo labwino la mkonzi watsopano limatichititsa kumvetsa bwino magawo akale; gawo loipa limatichititsa kumva kuti tinataya nthaŵi powaonera.

Chizindikiro chachitatu: cholinga chilipobe. Seŵero limene linabadwa kuti lidzudzule amphamvu likayamba kuwaombera m'manja, lafa, ngakhale oseŵera onse alipo ndi nyimbo yotsegulira ili yomweyo.

Tisaganize tsono kuti kusintha konse ndi tsoka. Akuluakulu anati tsobola wakale saŵaŵa, ndiponso anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mkonzi amene wakhala zaka zambiri amayamba kubwereza nthabwala zake ndi kuopa kuvulaza ampangankhani amene amawakonda. Maseŵero ena anafa chifukwa mwini wake anachoka. Ena anafa chifukwa mwini wake anakana kuchoka.

Mawu Omaliza

Makolo athu anali atapeza kale yankho la vuto limeneli pa nkhani ya ufumu. Kuno ku Karonga dzina la Kyungu ladutsa mibadwo yambiri. Munthu amamwalira, dzina limatsala, ndipo wina amaloŵa dzinalo. Chimene chimachititsa kuti ufumu ukhale womwewo si magazi okha ayi, koma akuluakulu osunga mbiri ndi mwambo, amene amalangiza woloŵa ufumu za malire amene sayenera kulumpha, namusiyira ufulu woweruza milandu ya masiku ake ndi nzeru zake.

Azisudzo athu akhoza kuphunzirapo zinthu zinayi. Alembe ndi kusunga maseŵero awo, pamodzi ndi mbiri ya ampangankhani, kuti chikumbukiro chisakhale m'mutu umodzi wokha. Mkonzi wamkulu alole achinyamata kulemba magawo athunthu iye akadali moyo, monga Moffat analembera pansi pa Davies, chifukwa liwu limaphunziridwa pogwira ntchito limodzi. Nkhani ya umwini wa dzina, wa zolemba ndi wa chuma cha gulu ikambidwe ndi kulembedwa mwini wake ali wamphamvu, isadikire tsiku la maliro. Ndipo woloŵa m'malo, akapatsidwa ng'oma, asayese kusanduka malemu. Asunge gule, koma aimbe ndi manja ake.

Kwa ife oonera, ntchito yathu ndi kuweruza modekha. Si mlandu kuti mkonzi watsopano sakufanana ndi wakale, pakuti palibe anthu aŵiri ofanana. Mlandu ungakhalepo pokhapo ngati waiŵala mbiri, wapotoza ampangankhani popanda chifukwa, kapena wagulitsa cholinga cha seŵero. Ngati zitatuzi wazisunga, seŵero ndi lomwelo, ndipo tiyenera kumupatsa nthaŵi yoti liwu lake likhwime, monga momwe tinampatsira woyamba uja pamene nayenso anali asanadziŵike.